Munda wa Otilia ndi Oumba Njerwa

Inu amene mwatopa, amene mukuona ngati zanu zinatha kalekale, takhalani pansi mumve za Otilia wa kwa Chapananga.

Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, Otilia anali chilili m'munda mwake, khasu lili m'manja. Akalimenya pansi linkangolira n'kunjanja, osalowa. Inali nyengo yokolola, anzake ali kalikiliki kudula mapira, koma iye analibe choti adule. Chimanga chake chinaumira m'mawondo chisanabereke. Pakati pa mizere panali kaufiti yekhayekha, ndipo pamwamba pa dothi panachita mbuu ngati pawazidwa mchere.

Ali chomwecho, anaona anthu awiri akubwera. Kutsogolo kunali amalume ake, a Sebastiano, mwini ng'ombe zambiri m'deralo, amenenso ankayang'anira minda ya mbumba yawo. Pambuyo pawo panali Anderson, mmisiri woumba njerwa, atakolekera chikombole paphewa.

Anderson sanataye nthawi ndi moni wautali. Anagumula dothi ndi piki, analithira madzi a m'botolo, analikanda, n'kuliponya m'chikombole. Njerwa inatuluka yosalala, ya makona akuthwa.

"Ili ndiye dothi, bambo," anatero Anderson akumwetulira. "Lopanda kachinyalala ngakhale kamodzi. Njerwa zake sizingasweke."

"Wamva, Otilia?" anatero a Sebastiano. "Munda wa mayi ako waupha wekha. Ine ndikufuna kumanga sitolo. Chatsala muno n'kuumba basi."

Aliyense kwa Chapananga amadziwa kuti munda ukaumbidwa njerwa subwereranso. Pamatsala maenje, ndipo m'maenje salimamo. Mundawo ndi umene malemu mayi ake anamusiyira Otilia, ndiponso ndi wokhawo umene iye akanadzasiyira ana ake.

Anagwada padothi lotenthalo. "Amalume, ndagwira mwendo wanu. Ndipatseniko nthawi."

"Nthawi ya chiyani? Yoti uthire feteleza wina?" A Sebastiano anapukusa mutu. Kenaka analoza kumunsi kwa munda. "Chaka chino tiyamba uko. Kumtunda kuno ndikusiyira. Koma njerwa zikadzandiperewera, ndidzabweranso, ndipo sindidzafuna kumva kulira."

Kuti mumvetse mmene munda wabwinobwino unafikira pamenepa, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Ali mtsikana, Otilia ankagwira ntchito pa esiteti ya nzimbe kufupi ndi Shire. Ntchito yake inali yothira feteleza. Ankayenda m'mizere ndi chidebe kuyambira m'mawa, dzuwa la ku Chikwawa likumuphika pamutu. Maso ake anaona zinthu ziwiri, ndipo anazisunga mumtima. Choyamba, nzimbe amayamba aziwotcha asanazidule, munda n'kutsala woyera. Chachiwiri, akathira feteleza nzimbe zimakula mpaka kubisa munthu.

Mayi ake atamwalira, Otilia anabwerera kumudzi ndi nzeru ziwirizo, komanso ndi matama osayamba. Mitengo ya msangu imene mayi ake anaisiya m'munda anaigwetsa yonse, ati mthunzi umapha mbewu. Mapira anawasiya, ati n'chakudya cha anthu osatsogola, n'kudzala chimanga chokhachokha. Akakolola ankaunjika mapesi n'kuyatsa moto, kenaka n'kusesa mpaka m'munda kuchita kuwala ngati pabwalo la tchalitchi. Mvula ikagwa ankathira feteleza mosaumira dzanja.

Ndipotu zaka zoyambirira zinamuyendera. Nkhokwe inadzaza mpaka chimanga china kugona m'nyumba. Anthu anamupatsa dzina loti Mayi Esiteti, iye n'kumalikonda.

"Inu mumalima ngati agogo anu," ankatero pachitsime. "Ine ndimalima ngati kampani."

Musamuseke msanga. Amene nkhokwe yake yadzaza samva za munthu.

Kenaka zokolola zinayamba kuchepa. Otilia anati vuto ndi kuchepa kwa feteleza, choncho anawonjezera. Chaka chotsatira zinachepanso, iye anagulitsa mbuzi n'kuwonjezeranso. Dothi linayamba kulimba. Mvula ikagwa madzi sankalowa pansi, ankangothamanga pamwamba kupita kukhwawa atanyamula feteleza yemweyo. Ikadula masiku angapo, feteleza wotsalayo ankawotcha mizu, chimanga n'kupota masamba. Mbuzi zinatha m'khola, ndipo munda unafika pokomera woumba njerwa.

Anyamata a Anderson atayamba kukumba kumunsi kuja, Otilia sanathe kupirira kuonerera. Anamanga kathumba kake n'kubwerera ku esiteti kukapempha ntchito yake yakale. Pageti anamuuza kuti kulemba anthu kunatha, adzayesenso chaka chamawa.

Anakakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, njala ndi manyazi zikumudya pamodzi. Posakhalitsa panadutsa thirakitala ikukoka ngolo yodzaza ndi matope akuda, otuluka nthunzi, onunkha koopsa. Otilia anatseka mphuno ndi chitenje.

"Mpaka lero mukutsekabe mphuno, achemwali?"

Atatembenuka anaona Pius, dalaivala wa thirakitala amene ankadziwana naye kale. Anali pa nthawi yopuma, akutafuna chinangwa chootcha. Anamubenthulirako, ndipo Otilia, mwina chifukwa cha kutopa, anamufotokozera zonse osabisa kanthu.

"Ine ndinachita zonse monga timachitira kuno," anamaliza motero. "Kuwotcha, kusesa, kuthira. Nanga ndinalakwa pati?"

Pius analoza thirakitala ija, imene tsopano inali kukhotera m'minda. "Matope amene aja mukuganiza kuti akupita kuti?"

"Kokataya. Si zinyalala za kufakitale?"

"Nkhabe!" Pius anaseka mpaka kutsamwa. "Ayi ndithu, achemwali. Zimene zija n'zotsalira nzimbe zikafinyidwa. Ife timakazimwaza m'minda, n'kuzigalauzira pansi, inu musanabwere ndi zidebe zanu. Mukachoka inu, anthu othirira amatsegula ngalande. Kwanu kwa Chapananga ngalande yake ili kuti? Inu munaona ntchito yanu yokha, n'kuyesa kuti ulimi wonse ndi womwewo."

Otilia anayang'ana thirakitala ija. Zaka zonse zija ngolo zimenezi zinkamudutsa tsiku ndi tsiku, iye n'kumayang'ana kumbali. Safunsa anadya phula.

"Feteleza si mfiti ayi," anapitiriza Pius. "Amadyetsa mbewu. Koma nthaka nayo ili ndi mimba yake, imadya zowola. Inu mbewu mumaidyetsa, nthaka n'kumaiwotchera chakudya chake."

"Nanga ine fakitale ndikaipeza kuti yondipatsa matope?"

"Amalume anu aja ng'ombe anagulitsa?"

Otilia anamvetsa. Anadzuka, anakutumula chitenje, anati, "Takhuta, zikomo achimwene, mwandithandiza," n'kuyamba ulendo wobwerera kumudzi.

Khola la a Sebastiano linali lisanapalidwepo chimangireni. Ndowe zinaunjikana chaka ndi chaka mpaka ng'ombe zinkaima pamwamba ngati zili pachulu. Palibe amene ankazigwiritsa ntchito. Anthu kumeneko ankati m'dziko lotentha ngati limenelo ndowe zimawotcha mbewu ndi kubweretsa udzu.

Otilia atakapempha, amalume akewo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi Esiteti akufuna ndowe?" anatero. "Tenga, undichotsereko ntchentche."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Otilia analibe ngolo, analibe wilibala. Anali ndi dengu ndi mutu wake. Kuchokera kukhola kukafika kumunda unali mtunda woti munthu wopanda katundu amafika atatuluka thukuta, koma iye ankapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, fumbi la ndowe likumutsikira m'maso ndi m'khosi. Amayi a pachitsime aja sanachedwe kumusinthira dzina. Tsopano anali Mayi Ndowe, ndipo ankamuitana mokweza kuti amve bwino.

Zinkamuwawa, tisanamizane. Masiku ena ankalira ali m'njira, dengu lili pamutu. Koma akayang'ana kumunsi kwa munda wake n'kuona utsi wa uvuni wa njerwa, ankapukuta misozi n'kuwonjezera liwiro.

Anapitanso kwa mlangizi wa zaulimi, munthu amene kale ankamuthawa poti ankadziyesa wodziwa kale. Mlangiziyo anamuphunzitsa kuti ndowe zisapite m'munda zosapsa. Aziunjike pamthunzi, asakanize ndi phulusa ndi masamba, azinyowetse, aziphimbe mpaka ziwole. Anamuuzanso kuti asiye mizere, akumbe maenje odzalamo oti azisunga madzi, ndipo feteleza azingothira kachitsekerero ka botolo paphando, pamwamba pa manyowa.

Maenjewo anawakumba ndi piki, poti khasu linali litakana kale. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, pamalo pake panamera zikhotho. Atamaliza anayenda khomo ndi khomo kupempha mapesi a mapira amene anzake ankafuna kuwotcha, n'kuphimba nawo munda wonse wotsalawo.

Apa ndi pamene anaiwala chinthu chimene ngakhale mwana wa kwa Chapananga amachidziwa. Anthu akamaliza kukolola, ziweto amazimasula kuti zizidya paliponse, ndipo palibe munda umene umakhala ndi mwini mpaka mvula itagwa. M'mawa wina Otilia anapeza ng'ombe zili mbwee m'munda mwake. Mapesi onse amene anawasenza pamutu anali atalowa m'mimba mwa ng'ombe, ndipo ng'ombe zake zinali za amalume ake omwe.

Anakhala pansi n'kulira mokweza ngati pamaliro. Kukadandaula sakanatha, chifukwa mwambo unali kumbali ya ng'ombe.

Misozi itaphwa, anayamba kuyendera munda kuti aone zimene zatsala. Pakona pamene ng'ombezo zinagona anaima. Ziboda zinali zitaswa dothi lolimba la pamwamba lija, ndowe ndi mikodzo zili ponseponse. Anakanda ndi chala, dothi linagumuka. Ntchito imene iye ankaichita ndi dengu mlungu wathunthu, ng'ombe zinaichita pogona kamodzi.

Madzulo ake anakagwadanso kwa a Sebastiano.

"Amalume, ng'ombe zanu zadya mapesi anga. Sindikudandaula. Ndikupempha kuti zizigona konko chilimwe chonse. Ndimanga khola la minga, ndizilisuntha mpaka munda wonse zitaupondaponda."

"Wapenga kodi? Ng'ombe zanga zikagone kutchire, akuba ali ponseponse chonchi?"

"Ndimanga msasa pambali pake. Ndizigona komweko."

"Nanga ikasowa imodzi?"

"Ikasowa ngakhale imodzi, munda wonse mutenge tsiku lomwelo. Sindidzatsegula pakamwa."

A Sebastiano anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwina anaona kuti apeza njira yachidule yopezera njerwa, mwina anaona nkhope ya mlongo wawo, sitikudziwa. Anangoti, "Pyadidi, chabwino. Wanena wekha."

Chilimwe chimenecho Otilia anasanduka m'busa. Anadula nthambi za mthethe, minga ikumung'amba mikono, n'kumanga khola pakona ya munda. Pakapita masiku angapo ankalizula n'kulikokera patsogolo. Tulo take tinali ta mbalame, galu akangouwa iye wadzuka. Anaonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri. Koma mvula yoyamba itagunda, ng'ombe zonse zinabwerera kwa mwini wake, osasowa ngakhale mchira.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti chaka chimenecho anakolola zodzaza nkhokwe. Ayi. Nthaka imene yazunzidwa zaka zambiri sikhululuka msanga. Anadzala mapira, mbewu ya mayi ake ija, pamodzi ndi khobwe ndi nandolo. Maenje ena anamera bwino, ena anangotulutsa timapesi toonda. Kaufiti anabweranso. Zimene anakolola sizinafike ngakhale chilimwe, ndipo anapulumukira maganyu.

"Fungo lonse lija, mapira ake omwewa?" ankatero a pachitsime.

Koma Otilia anali ataona zimene iwo sanaone. Mvula ikagwa, madzi ankaima m'maenje n'kulowa pansi m'malo mothawira kukhwawa. Chiswe chinali chitaboola timabowo m'dothi ponse pamene panali zinyalala. Zitsa za misangu imene anaigwetsa zinayamba kuphukira, ndipo iye anazitengulira bwinobwino, kusiya mphukira imodzi yamphamvu pachitsa chilichonse. Ngakhale dzenje limene oumba njerwa analisiya kumunsi analipezera ntchito. Linkasunga madzi a mvula, iye n'kumatunga onyowetsera milu yake ya manyowa.

Anabwerezanso zonse chaka chotsatira, khola, minga, msasa, maenje. Anabwerezanso chaka chinacho. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

M'dzinja lachitatu kunachita ng'amba yoopsa pakati pa nyengo. Minda yambiri inafota. Mapira a Otilia anaweramitsa masamba masana, koma m'mawa ankapezeka atadzukanso, chifukwa pansi pa zinyalala panali chinyontho. Anakolola zokwanira iye ndi ana ake mpaka mvula ina. Sizinali zoti n'kuitanira atolankhani, koma kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri sanapite kukagwira ganyu m'munda mwa munthu.

Asanamalize n'kupuntha komwe, tsiku limene ankaliopa lija linafika. A Sebastiano anatulukira ndi Anderson, chikombole chili paphewa monga kale. Sitolo inali itafika pamawindo, njerwa n'kutha.

"Ndinanena kuti ndidzabweranso," anatero a Sebastiano, osamuyang'ana kumaso. "Wayesetsa, sindikukana. Koma timapira timeneti sitingafanane ndi sitolo."

Otilia sanagwade ulendo uno. Anangoima atagwira m'chiuno.

Anderson anakankha zinyalala ndi phazi n'kukweza piki. Pikiyo inalowa yonse mpaka iye kudzandira. Anatapa dothi, analithira madzi, madziwo anangolowa n'kusowa. Anawonjezera ena, anakanda, anaponya m'chikombole, n'kutembenuza. Chimene chinatuluka sichinali njerwa. Chinangoti phwasu, mulu wakuda wodzaza timizu ndi tizidutswa ta mapesi owola.

Anasuntha, anakayesa pakati pa munda. Chimodzimodzi. Anakayesa kumtunda kwenikweni. Chimodzimodzi. Anapukuta manja pa buluku, nkhope itakwinyika ngati munthu amene waberedwa.

"Bambo, pepani," anatero. "Dothi lija laonongeka."

"Laonongeka bwanji?"

"Lafewa, ladzaza zinyalala. Silingagwire njerwa. Amayiwa aliipitsa."

Otilia anafuna kuseka, anafunanso kulira. Chibadwire chake sanatukwanidwepo mokoma chonchi.

"Komabe njira ilipo," anapitiriza Anderson. "Tipale lakudali lonse, tikalitaye kukhwawa. Pansi pake tikapeza la njerwa. Mukangolamula, mawa anyamata ayamba."

Zaka zitatu za dengu, minga ndi msasa zinali kudikira mawu amodzi a munthu mmodzi.

A Sebastiano anawerama pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anatapa dothi lakuda lija, analifikisa m'manja, kenaka analifikitsa kumphuno. Ananunkhiza kamodzi, ananunkhizanso.

"Fungo ili ndinalimva komaliza mlongo wanga ali moyo," anatero motsitsa mawu. "Tinkalima muno tonse awiri, mayi athu ali kutsogolo." Anatembenukira kwa Anderson. "Ukuti tikataye kukhwawa? Tenga chikombole chako, mwana iwe. Njerwa tikagula kwina."

Otilia anakhala pansi pomwepo, padothi lake, n'kulira osabisa nkhope.

A Sebastiano anayamba kuchoka, koma atayenda pang'ono anaima. Dothi lija anali asanalitaye, linali likadali m'manja.

"Otilia, chilimwe chino ng'ombe zija zikagoneko kumunda kwanga. Nakonso khasu layamba kunjanja. Udzandionetse kamangidwe ka khola lako lija."

"Ndamva, amalume," anayankha akupukuta misozi. "Koma ziyambe zamaliza kwanga."

Lero mukapita kwa Chapananga mukamupeza Otilia m'munda womwewo. Misangu ija yafika poti munthu n'kupumapo. Feteleza amagulabe, koma wochepa, ndipo sathira pamene sanayambe waikapo manyowa. Moto sunalowenso m'munda mwake. Dzenje la njerwa lija likadalipo kumunsi, silidzameranso kanthu, ndipo iye safuna kulikwirira. Amati ana ake azilionera. Amayi a pachitsime akumutchabe Mayi Ndowe, koma masiku ano amatero atanyamula madengu awo, akumufunsa kuti mulu wa manyowa umapsa pakapita nthawi yotani.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi chanu chimene chinauma m'manja mwanu momwe, ndipo anthu abwera kale ndi chikombole kudzakuuzani kuti chatsala n'kuumba njerwa. Mwina munalakwitsa nokha, ndipo manyazi akukuletsani kufunsa. Funsani. Akakusekani, asekeni nawo, koma dengu lisatsike pamutu. Chaka choyamba chikakukanani, bwererani chachiwiri. Manja amene anaononga ndi omwewo amene angakonze.

Musataye mtima, abale anga. Munda usanakumbidwe maenje a njerwa, ukadali munda.